Sitima ya Masekela pa bwalo la Rufaro: kuunikanso filimu ya "Graceland: The African Concert"

Pa 14 Febuluwale 1987, Paul Simon anaimba pa bwalo la zamasewera la Rufaro mumzinda wa Harare pamodzi ndi Miriam Makeba, Hugh Masekela, gulu la Ladysmith Black Mambazo ndi anyamata oimba ndi zida amene ankawatsogolera Ray Phiri. Phwando la maimbidweli linajambulidwa, ndipo filimu yake, imene anaiwongolera Michael Lindsay-Hogg, imatchedwa "Graceland: The African Concert". Anthu akamalikumbukira amakonda kunena kuti linali mlatho pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, chifukwa oimba amene sakanatha kuimira pa nsanja imodzi kwawo anakumana kutsidya lino la Limpopo, ndipo anthu ena a ku South Africa anawoloka malire kudzawaonera. Nkhani ino ikuunika filimuyi ndi funso limodzi: mlathowo anaumanga ndani, nanga anawolokapo ndani?

Ganizo langa ndi lakuti m'filimuyi muli zowolokera ziwiri. Pali mlatho umene nyuzipepala za kunja zinkautamanda, wa woimba wotchuka wa ku America amene wabwera kudzagwirizanitsa anthu. Palinso ulalo. Ulalo ndi mitengo imene anthu amagoneka pa mtsinje pamalo pamene njira yawo imadutsa kale. Ulibe dzina la munthu, ndipo amene amaudziwa ndi okhawo amene amaupondapo. Anthu a m'mayiko a kummwera kwa Africa anagoneka ulalo wotere okha, ndi maulendo awo a ku migodi ndi m'mafamu, zaka zambiri Simon asanabadwe. Filimuyi imagwira mtima pamene yaponda pa ulalowu, ndipo imafooka pamene yauiwala.

Tiyambe ndi chifukwa chimene anasankhira Harare. Simon anajambula mbali ina ya chimbale cha "Graceland" ku Johannesburg mu Febuluwale 1985, ndipo chimbalecho chinatuluka mu Ogasiti 1986. Apa n'kuti bungwe la United Nations litapempha kale, kuyambira mu 1980, kuti oimba ndi aluso ena anyanyale South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Simon anapita osamva maganizo a chipani cha ANC, ngakhale kuti Harry Belafonte anamulangiza kuti ayambe wafunsa. Iye ankadziteteza ponena kuti sanakasangalatse anthu ku Sun City monga ena ankachitira, koma anangokagwira ntchito ndi oimba akuda ndi kuwalipira bwino. Otsutsa, monga Dali Tambo wa gulu la Artists Against Apartheid, ankaona kuti chiletso chimene aliyense amadzimasulira yekha si chiletsonso. Mkanganowu walembedwa kwambiri ndipo sindiubwereza. Chofunika pano n'chakuti ulendo wotsatsa chimbalechi sukanafika ku South Africa. Makeba anachoka kwawo mu 1959, ndipo mu 1960 boma linathetsa pasipoti yake, moti sanakaike nawo maliro a mayi ake. Masekela anachoka mu 1960, chaka cha kuphedwa kwa anthu 69 ku Sharpeville. Kwa awiriwa, kuimba ku Harare kunali ngati kuimira pa mpanda wa mnzako n'kumasuzumira pakhomo pako. Sikanali koyamba kuchita zotere: mu Disembala 1980 anaimba limodzi ku Lesotho, ndipo anthu a ku South Africa anakhamukirako.

Woonera filimuyi lero, ataona dzuwa likuswa mtengo ndi anthu akuvina mosekerera, sangadziwe kuti mayiko awiriwa anali pa chidani chotani. Pa 19 Meyi 1986, miyezi isanu ndi inayi phwandoli lisanachitike, asilikali a South Africa anaphulitsa malo a ANC mkati mwa Harare, tsiku lomwelo limene anachitanso chiwembu ku Zambia ndi ku Botswana. Mu Juni chaka chomwecho boma la Pretoria linaika dziko lonse pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Pa 19 Okutobala, Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo patangopita masiku awiri achinyamata okwiya ku Harare anaphwanya maofesi a ndege a South Africa. Anaphwanyanso a Malawi, chifukwa boma la Dr. Kamuzu Banda linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira mu 1967 ndipo linkaganiziridwa kuti likuthandiza zigawenga za Renamo. Filimuyi sitchula chilichonse mwa izi. Sindikuiimba mlandu, pakuti ndi filimu ya nyimbo, si ya mbiri. Koma mphunzitsi amene akuionetsa m'kalasi ayenera kuzinena, apo ayi ophunzira aona chisangalalo chokha osadziwa kuti anthuwo ankasangalala pakati pa moto.

Kunena zoona, Simon amachita chinthu chimodzi chabwino kwambiri m'filimuyi: amadziwa kupatuka. Amaimba nyimbo zake zingapo, kenaka amachoka pakati n'kusiyira ena nsanja. Nyimbo zake ndi za m'Chingerezi, ndipo zimakamba za ukwati wotha, za munthu wosokonezeka m'mutu ali pakati pa moyo wake, za ulendo wa ku Memphis. Palibe imene imatchula tsankho mwachindunji. Amene amalitchula ndi Masekela, mu nyimbo yofuna kuti a Nelson Mandela amasulidwe, "Bring Him Back Home", ndi Makeba mu "Soweto Blues", nyimbo imene Masekela anapeka pokumbukira ana a sukulu amene anawomberedwa mu Juni 1976. Choncho mtolo wa ndale anausenza othawa kwawo, pamene dzina lalikulu pa chikuto cha filimu ndi la mlendo. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Simon kanali makamera, ndalama ndi makutu a dziko lonse, ndipo zimenezi si zazing'ono. Koma amene anameta ndi eni mudzi.

Pali kusintha kumodzi kumene kumandisangalatsa. Pa chimbale, nyimbo ya "Under African Skies" Simon anaimba ndi Linda Ronstadt, woimba amene mu 1983 anakaimba ku Sun City, ndipo ndime ina imakamba za ubwana wake ku Tucson, Arizona. Ku Harare malo a Ronstadt anatenga Makeba, ndipo mawu a ndimeyo anasinthidwa kuti akambe za moyo wa Makebayo. Nyimbo ndi yomweyo, koma tanthauzo lasamuka. Izi chimbale sichingachite. Chimbale chikatuluka chatuluka, pamene nyimbo ya pa nsanja imamvera malo ndi anthu amene aima patsogolo pake.

Komabe mtima wa filimuyi, kwa ine, ndi "Stimela". Masekela anaijambula koyamba mu 1974 pa chimbale chake cha "I Am Not Afraid". Dzinali ndi liwu la Chizulu lotanthauza sitima ya pamtunda yoyendera malasha. Nyimboyi imayamba ndi kulankhula, osati kuimba: Masekela amatchula mayiko amene sitimayo imatolako amuna opita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, ndipo Malawi ali pa mndandandawo pamodzi ndi Mozambique, Lesotho, Botswana ndi ena. Amafotokoza za ntchito yakalavula gaga ya malipiro ochepa, za nyumba zogona amuna okhaokha, za mabanja osiyidwa kumudzi. Ng'oma zimakwera pang'onopang'ono ngati sitima ikunyamuka, iye amalira ndi pakamwa ngati wezulo ya sitima, kenaka lipenga limatenga nkhani pamene mawu aisiya. Tsono taganizani komwe akuimbira. Bwalo la Rufaro lili ku Mbare, dera lakale la anthu akuda limene poyamba linkatchedwa Harari. Kumeneko kunkafikira anthu ofuna ntchito ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ndipo mpaka lero kuli zidzukulu zawo. Masekela akamatchula mayiko aja pa Rufaro, sakuphunzitsa alendo mapu. Akuitana mayina a kwawo kwa anthu amene makolo awo anakwera sitimayo, kapena anatsika panjira n'kukhazikika mu Harare momwemo.

Kwa wolankhula Chichewa nkhaniyi si yachilendo, pakuti ili m'mawu amene timagwiritsa ntchito. Tili ndi Joni, kutanthauza Johannesburg. Tili ndi Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito ya ku migodi, ndi Mthandizi, amene ankatengera anthu ku Southern Rhodesia. Tili ndi machona, anthu amene anapita osabwereranso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Ambiri ankakwera ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, n'kukakwera sitima kumeneko. Mu Epulo 1974, chaka chomwecho chimene "Stimela" inatuluka, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafa. Dr. Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito, ngakhale kuti patapita zaka zitatu kunayambiranso. Ulalo umene ndikunena ndi umenewu. Sunali wokondweretsa, ndipo anthu sanauwoloke chifukwa chokonda anansi awo. Anauwoloka chifukwa cha msonkho ndi umphawi. Koma ndi pa ulalo womwewu pamene panadutsa magitala, makodiyoni ndi magalamafoni. Daniel ndi Donald Kachamba, amene anatchukitsa nyimbo za kwela ku Malawi, anakulira mbali ina ku Salisbury, ndiko Harare wa lero, kumene anazimva nyimbozo.

Apa m'pamene Ray Phiri akulowera. Woonera filimuyi sangamuphonye: ali ndi gitala, akuvina thupi lonse, ndipo oimba anzake akuyang'ana kwa iye. Anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit, ndipo bambo amene anamulera, mwini dzina la Phiri, anali wochokera ku Malawi, munthu wa pa ulendo wa ntchito amenenso ankaimba gitala. Gulu la Ray Phiri kwawo linkatchedwa Stimela. Kulira kwa gitala kumene anthu amakuzindikira msanga mu "You Can Call Me Al" ndi "Diamonds on the Soles of Her Shoes" kunatuluka m'zala zake, ndipo m'zaka za pambuyo pake iye anadandaula poyera kuti gawo lake pa nyimbo za "Graceland" silinalemekezedwe mokwanira. Phiri ndi mfunda, monga Banda, Mwale ndi Mbewe. Mchewa aliyense akalimva dzinali amadziwa kuti ndi munthu wa kwathu, ngakhale atabadwira kuti. Filimuyi imamutenga ngati woimba wa ku South Africa basi, ndipo si bodza. Koma pa nsanja imeneyo iye ndiye anali umboni wooneka ndi maso wa zimene Masekela ankalankhula. Pambali pake panali John Selolwane, woimba gitala wa ku Botswana. Mayiko anali atalumikizana kale m'gulu loimbalo Simon asanatsegule pakamwa.

Tsopano zofooka. Choyamba n'chakuti phwando lotchedwa mlatho wa ku Zimbabwe lilibe Zimbabwe pa nsanja. Pa mndandanda wa nyimbo za m'filimuyi palibe ya Chishona, ndipo palibe woimba wa ku Zimbabwe amene akutsogolera nyimbo. Si kuti kunalibe oimba. Thomas Mapfumo analipo, Oliver Mtukudzi analipo, ndipo a Bhundu Boys nthawi yomweyo n'kuti akugwedeza Britain, moti mu Ogasiti 1987 anaimba pa Wembley Madonna asanakwere nsanja. Zimbabwe anabwereketsa bwalo ndi anthu owomba m'manja. Zili ngati ukwati umene wachitikira pakhomo pa mnansi chifukwa kwanu kuli maliro: mnansiyo wasesa pabwalo, wayala mphasa, koma pa mwambo sanapatsidwe mpata wolankhula. Okonza phwando la Amnesty International lotchedwa "Human Rights Now!", limene linachitikira ku National Sports Stadium mu Harare momwemo mu Okutobala 1988, anachitako bwino pa mbali iyi poika oimba a m'dzikomo pa ndandanda pamodzi ndi Bruce Springsteen, Tracy Chapman ndi Youssou N'Dour.

Nkhani ya chinenero ili ndi mbali ina yowawa. A Ladysmith Black Mambazo amaimba m'Chizulu, m'kaimbidwe kopanda zida kotchedwa isicathamiya, kamene kanakulira m'nyumba zogona amuna a pa ntchito zomwe zija. Mu Zimbabwe, anthu amene amamva Chizulu popanda womasulira ndi olankhula Chindebele, a ku Bulawayo ndi madera a Matabeleland. Ndipo mu Febuluwale 1987 anthu amenewa anali asanapume ku nkhanza za Gukurahundi, pamene asilikali a boma anapha anthu wamba zikwizikwi kuyambira mu 1983. Mgwirizano wa Robert Mugabe ndi Joshua Nkomo unasainidwa pa 22 Disembala 1987, miyezi khumi phwandoli litapita. Tsono pa Rufaro pankaimbidwa za ufulu wa anthu a kutsidya la Limpopo, m'chinenero cha pachibale ndi cha anthu amene ankazunzika m'dziko lomwelo, ndipo za iwowo panalibe anatchula. Sindikunena kuti Makeba kapena Masekela akanatha kudzudzula boma limene linawalandira. Mlendo sathyola mphasa. Ndikungonena kuti phwando la maimbidwe limasankha mtsinje umene liwoloke, ndipo kawirikawiri limasankha umene boma la pamalopo lavomereza.

Nanga anawoloka ndani? Makamera amabwerera kawirikawiri ku nkhope za anthu, akuda ndi azungu ataima phewa ndi phewa, ndipo n'zoonekeratu kuti wojambula akufuna tione South Africa wa mawa. Chithunzicho n'chokoma, ndipo mu 1987 chinali ndi mphamvu. Koma kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Harare ndi ulendo wa makilomita oposa 1,000, wodzera pa mlatho wa Beitbridge. Pamafunika pasipoti, galimoto kapena tikiti, ndi masiku opuma pa ntchito. Munthu amene "Stimela" ikukamba za iye analibe zimenezi. Iye anali pansi pa nthaka ku Carletonville kapena ku Welkom, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anali pa sitalaka yaikulu ya ogwira ntchito m'migodi imene inatha milungu itatu. Phwando la maimbidwe limawolotsa amene angathe kulipira, ndipo limaimba za amene sangathe. Izi sizichotsa ubwino wa nyimbo, koma zimatichenjeza kuti tisamafulumire kunena kuti mayiko awiri anakumana pamene anakumana ndi anthu a matikiti.

Ndipo ulalo uja, eni ake sanapindule nawo kwenikweni. Mu 1988 ntchito ya Theba inatsekeka kwa Amalawi pa mkangano wa kuyeza magazi. Ku Zimbabwe, patapita zaka, Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, mawu amene aliyense anamva kuti akuloza zidzukulu za anthu obwera, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko mpaka malamulo aakulu a mu 2013 atakonzako zinthu. Anthu a mfunda wa Phiri ndi Banda kutchedwa opanda mfunda, m'dera lomwelo limene Ray Phiri anavinitsa khamu! Nyimbo zawo zokha ndi zimene sizinafunsidwe chiphaso. Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, akatswiri a nyimbo za sungura amene makolo awo anachokera ku Malawi, anaika Chichewa m'nyimbo zawo, ndipo Ashona amavina osafunsa.

Chakumapeto kwa filimuyi oimba onse amaima pamodzi n'kuimba "Nkosi Sikelel' iAfrika". Pano sindipeza chodandaula, ndipo ndikuganiza kuti ndi pokhapa pamene mlatho ndi ulalo zikukumana. Enoch Sontonga anapeka nyimboyi mu 1897 ali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Johannesburg. Inayenda ndi makwaya, matchalitchi ndi misonkhano ya ndale mpaka inamera mizu m'zinenero zina. Tanzania anaitenga m'Chiswahili, Zambia anatenga maimbidwe ake n'kuikamo mawu ena, ndipo Zimbabwe kuyambira mu 1980 ankaiimba m'Chishona ndi m'Chindebele ngati nyimbo ya fuko. Choncho pa Rufaro nyimbo imodzi inali zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kwa Makeba ndi Masekela inali nyimbo ya nkhondo yomenyera ufulu, imene boma la kwawo linkadana nayo. Kwa mwana wa sukulu wa ku Mbare inali nyimbo ya pa mzere m'mawa, yoimba ataima njo. Pa nsanja ikumveka m'zinenero za ku South Africa, koma khamulo silikufuna womasulira, pakuti likuidziwa kale m'chinenero chake. Simon apa ndi mmodzi chabe mwa oimba ambiri, ndipo mawu ake sakumveka pamwamba pa ena.

Kwa ophunzira zinenero, gawo limeneli ndi loyenera kuliona kawiri, koyamba kuyang'ana pa nsanja, kachiwiri kuyang'ana milomo ya anthu. Kufanana kwa "nkosi" ndi "inkosi" ya Angoni a ku Ntcheu ndi Mzimba, kapena kwa "moya" ndi "mweya" wa Chishona, kumaonetsa chifukwa chimene nyimbo ya kummwera siikhala yachilendo kwenikweni kumpoto kwa Limpopo ngakhale kwa Zambezi.

Kugawana nyimbo ya fuko kumeneku sikunakhalitse. Mu 1994 Zimbabwe anaisiya n'kutenga ina yakeyake, ya mawu a Solomon Mutswairo. M'chaka chomwecho South Africa anachita chisankho chake choyamba cha anthu onse, ndipo nyimbo ya Sontonga inakhala imodzi mwa nyimbo ziwiri za fuko kumeneko. Makeba n'kuti atabwerera kale kwawo mu 1990, chimodzimodzinso Masekela.